Ngati Ukumva, Yankha

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kumenyedwa ndi anthu amene ndinawaitana ndekha ku ukwati. Mlandu wanga unali wozimitsa nyimbo gule ali pakati, m'holo ya ku Matero, masanasana. Amene munalipo ndipo mukundisungirabe mkwiyo, takhalani pansi ndikuuzeni mbali yanga.

Mkwatibwi anali Esinati, mwana wa mlongo wanga. Wakulira m'nyumba mwanga kuno ku Lusaka, ndiye umalume ndi unkhoswe zonse zinagwera ine. Mayi ake ali kumudzi, kupitirira Fort Jameson, ndipo miyendo yawo inatupa moti basi ya msewu wautali uja sangaithe. Mtsikanayu atamva kuti mayi ake sabwera analira mpaka maso kufiira, ndipo ine ndinasowa chomutonthoza nacho.

Mwayi unabwera ndi mphunzitsi wina wa kumishoni kwathuko, amene ali ndi makina ojambulira mawu. Anapita kwa mlongo wangayo, nawajambula mawu pa tepi, ndipo tepiyo inabwera pabasi ndi achibale. Palibe amene anali ataimvako, pakuti m'nyumba zathu mulibe magetsi, ndipo makina oyimbira tepi tinachita kubwereka m'mawa wa tsiku lomwelo. Esinati anadikira tepi imeneyi kuposa diresi lake loyera.

Zokuzira mawu zonse zinali m'manja mwa a Sakala, eni bandi imene tinaitana. Ali ndi ampulifaya, chibokosi chachitsulo chotentha ngati mbaula, chimene chimalandira mawaya onse n'kutumiza mawu ku masipika. M'mawa, anthu asanafike, anandionetsa kumbuyo kwake.

"Onani ba malume," anatero. "Aya mabowo yabili ni ya maikolofoni. Mau ya maikolofoni ni yang'ono, so ampulifaya imayanyamula maningi. Iyi ina ni ya galamafoni, ya vinthu vamene vili na mphamvu kale. Tepi yanu ifunika kungena apa."

Ndinamva bwino lomwe. Koma a Sakala alinso ndi kabokosi kena kamene anagula ku dera la Migodi ya kopa, kotchedwa eko, kobwerezabwereza mawu ngati munthu akufuula m'phanga. Amakakonda kabokosi kameneka. Ndikukhulupirira kuti ngakhale poitana nkhuku kwawo amalakalaka atadutsitsa mawu m'menemo.

Nthawi yoti makolo alankhule itakwana, bandi inali ikupuma, ndipo anthu anali akuvina mbale ya galamafoni, thukuta lili kamukamu. Bowo lija loyenera tepi linali lotsekedwa ndi waya wa galamafoniyo. A Sakala anayang'ana ovina, nayang'ana ine.

"Nikachosa nyimbo, aba banthu bazanipaya," anandinong'oneza. "Tizaingenesa chabe ku maikolofoni, ipitile mu eko. Bamai bazamveka monga ba Gavana."

Abale anga, chimene chinatuluka m'masipika sanali Gavana, sanalinso mlongo wanga. Chinali chimkokomo chong'ambika, ngati lole yolemera ikukwera chitunda, ndipo pakati pake timangomva "wanga-nga-nga-nga." Ana anagwira m'makutu. Bambo wina amene anali atalawako kale mowa anayamba kutsanzira, holo yonse n'kufa nacho chiseko. Ena kumbuyo ankafuula kuti, "Kwezani voliyumu, sitimvela!" ngati kuti vuto linali kuchepa kwa phokoso.

Esinati sanaseke. Anandikoka jekete. "Ba malume, aja si bamai," anatero. "Zimyani chabe."

Mtima unandipweteka, ndipo ndinapsa mtima. Mayi wodwala anakhala pamphasa kumudzi kusankha mawu oti auze mwana wake, ife n'kuwasandutsa choseketsa cha oledzera chifukwa choopa kuimitsa gule? Ndinapita kumbuyo kwa chibokosi chija, ndinagwira waya wa galamafoni, n'kuuzula.

Nyimbo inaduka pakati. "Imwe ba mudala, bwezani nyimbo!" Wina anandiponyera chipewa, wina anati ndalodzedwa. Ndinangoima pomwepo, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

A Sakala sanandikwiyire, ndiwayamikire pamenepo. Ndikuganiza kuti ankangofuna wina woti asenze mlanduwo. Anabweza tepi poyambira, anachotsa eko yawo yokondedwa ija, nalowetsa waya pabowo la galamafoni. Kenaka anachita chimene sindinaonepo woimba wa mu Lusaka akuchita: anatsitsa voliyumu.

"Apa sitifunika kukweza," anatero. "Ili na mphamvu yake kale."

Choyamba kumveka anali tambala wa kumudzi. Kenaka chifuwa, kenaka mphunzitsi uja akunong'ona kuti yambani mayi. Ndiyeno mawu a mlongo wanga, ang'onoang'ono, omwe aja ndinakula nawo.

"Esinati mwana wanga, ndine mai wako. Akuti ndilankhule m'kachitsulo aka. Kaya ukumva? Ngati ukumva, yankha."

Kenaka zii. Tepi inkazungulira koma mawu panalibe. A Sakala anatambasula dzanja poganiza kuti waya wathothoka, koma ndinawagwira mkono, chifukwa ndinkamva kupuma kwa munthu ndi nkhuku zikusakasaka patali. Mlongo wanga sadziwa kuti tepi siyankha. Anafunsa funso, ndipo monga mwa ulemu wa kwathu, anali kudikira yankho.

Esinati ananyamuka pampando, nakagwada pasimenti patsogolo pa sipika, diresi loyera lili choncho. Anaomba m'manja. "Nikumvelani, amama."

Patangopita kamphindi, mawu aja anabweranso. "Eya. Tsono tamvera."

Musandifunse za nkhope yanga pa nthawi imeneyo. Amayi a m'holomo analira poyera, ndipo bambo wotsanzira uja anavula chipewa. Malangizo amene anatsatira sindiwalemba muno, ndi a Esinati ndi mwamuna wake. Ndingokuuzani kuti mayiyo akanena mfundo ankaima, mwana wake n'kuvomera, mpaka tepi inatha.

Sabata yonseyi ndakhala ndikulingalira za mpata umene unali pa tepi ija. Poyamba paja unalipo ndithu, koma tinaukwirira ndi nyimbo ndi eko, ndipo palibe anaumva.

Kodi si mmene tikukhalira m'makomboni mwathu masiku ano? Tazolowera kuganiza kuti wofuula ndiye wamveka. Pamsonkhano wa za mipopi ya madzi ku Chawama, amene ali kale ndi mawu amphamvu ndiye amathamangira maikolofoni, ndipo timamukwezera mpaka mawu ake ang'ambike. Mayi amene amadzuka kukaima pamzere wa madziwo amakhala kumbuyo, mwana ali kumsana, ndipo msonkhano umatha asanatsegule pakamwa. Paja a Sakala anati bowo lonyamula kwambiri ndi la mawu ang'ono. Ife timalipereka kwa amene sakulisowa.

Nanga eko? Imeneyo ndiye tili nayo yambiri. Wamkulu akanena liwu limodzi, anthu ake amalibwereza mpaka ku Kanyama, ndipo pofika kumeneko palibe akukumbukira kuti funso linali lotani. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, akuluakulu ananena kale.

Tonse tikuona kuti zinthu zikusintha. Malole a andale okhala ndi masipika akuzungulira m'makomboni Lamulungu lililonse, ndipo ngakhale azungu a kuntchito kwathu ayamba kulankhula motsitsa za tsiku limene dziko lino lidzakhale m'manja mwa eni ake. Ine ndikulilakalaka tsikulo, ndipo ndikukhulupirira kuti ndidzaliona ndi maso angawa. Takhala nthawi yaitali tikulankhulidwa ndi anthu amene safunsa ngati tikumva. Bwanamkubwa akalankhula pa wailesi, kodi munamvapo ataima kuti inu muyankhe?

Ndiye inu ana athu amene mudzagwire mawaya a dziko lino, musadzatengere khalidwe limenelo. Mukalankhula, muziima. Ndipo nthawi zina padzafunika kuzula nyimbo imene anthu akuikonda kuti munthu mmodzi wofooka amveke, ngakhale akuponyereni zipewa.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti anthu a m'holo ija sanachite kuuzidwa. Omwe aja ankanditukwana anakhala chete okha atangomva mawu enieni a munthu. Makutu tikadali nawo, abale, phokoso ndi limene lachuluka.

Gule anabwerera, musade nkhawa, ndipo a Sakala anaimba ndi eko yawo mpaka kukhuta. Koma dzuwa lisanalowe anandiitana pambali, nati kuseri kwa tepi ija kulibe kanthu, ndipo makinawo amathanso kujambula. Achibale anali kubwerera kumudzi Lolemba, ndipo mphunzitsi uja akanatha kukawaimbira mayiwo tepiyo.

Tinaimitsanso nyimbo, ndipo ulendo uno palibe anadandaula. Esinati anagwira maikolofoni ndi manja awiri, nauza mayi ake za diresi, za apongozi, ndi za malume ake amene anatsala pang'ono kumenyedwa. Atatha anafunsa kuti, "Amama, mwamvela?"

A Sakala anafuna kuzimitsa makina, koma mtsikanayo anawaletsa ndi dzanja. Tepi inapitiriza kuzungulira, ndipo holo yonse inakhala chete, kudikira kuti mlongo wanga ayankhe.