Mpando wa Ratu Apenisa Pamwamba pa Tebulo

Mundikhululukire polimba mtima kulemba za munthu wamkulu, poti sindinalembepo kanthu koposa malipoti a ana. Zimene sindinazione ndekha ndanena kuti ndinangomva.

Ratu Apenisa anayamba kuphunzitsa pasukulu yathu ya mu mzinda wa Suva ine ndisanalembedwe ntchito. Ndi a banja lachifumu, n'chifukwa chake timawatchula kuti Ratu, koma amabwera pa basi ngati tonsefe, atanyamula dalo wophika, chakudya chathu chonga chinangwa, m'kambale. M'mawa amaphunzitsa maphunziro a boma, otsata mwambo wathu: pamaso pa wamkulu umakhala pansi, mutu wako usapose wake. Masana amaphunzitsa maphunziro akunja: poyankhula umaimirira ndi kuyang'ana munthu m'maso. Zonsezi amaphunzitsa nkhope osasintha.

Ndinamva kuti kalekale, ataona ana akulephera mayeso oyankhula chifukwa chokana kuimirira, anakweza mpando pa tebulo n'kukhalapo. Mwana akaimirira, mutu wake umakhalabe m'munsi. Ana anayamba kukhoza, ndipo palibe anafunsa kanthu.

Chaka chino kwabwera mkulu wa sukulu watsopano wochokera kunja, Mayi Pendlebury. Ataona nkhalamba m'mwamba analetsa, akuti ingagwe. Anandiuzanso ine, amene ndimajambula mayesowo kuti apite kwa oyesa akunja, kuti ndikaona wina akukwera ndikanene.

Vuto ndi Litiana, mtsikana wa m'mudzi mwa Ratu. Malo ake ku yunivesite akudikira mayeso amenewa. Poyeserera sabata yatha anakhala pansi, miyendo atapinda.

"Imirira, mwanawe," anatero Ratu.

"Iyayi Ratu, agogo akamva, kumudzi sindipondako."

"Agogo akowo tinkaba nawo mango. Imirira."

"Iwo amati inu ndi amene munkaba, iwo ankangolondera."

Ratu anaimirira okha kuti mutu wawo upose wake. Litiana anadzuka pang'onopang'ono, ndipo anapitirirabe kudzuka, chifukwa ndi woponya zigoli wamtali mu timu ya mpira wamanja. Mutu wa Ratu unalekeza paphewa pake. Mtsikana anakhalanso pansi msangamsanga n'kuwomba m'manja kupepesa.

"Kodi kwanu amakudyetsa chiyani iwe?" anafunsa Ratu. Kenako anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, kamera yanuyo imaona chiyani?"

"Mwana yekha, Ratu."

"Nanga inu?"

"Ine ndimaona zonse."

"Pepani. Matenda amenewo ndi ovuta."

Ndinapita kukawafotokozera Mayi Pendlebury. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti anamvetsera bwino, ndipo anandipatsa tiyi. Anati mwanayo akungosowa kudzidalira, n'kundipatsa chithunzi cha chiwombankhanga kuti ndikamate m'kalasi. Ndinakamata. Litiana anachiyang'ana ali pansi, n'kunena kuti n'chokongola.

Mayeso ndi Lolemba. Malamulo a oyesa akunja ndawawerenga mosamala: amanena za mwana, za mphunzitsi sanenapo kuti akhale pati. Lamulo la Mayi Pendlebury ndiye ndi lomveka, ndipo ine chiyambire ntchito sindinaphwanyepo lamulo, ngakhale loletsa kuponda kapinga. Bondo la Ratu nalonso si la kale, pokwera basi amachita kugwiriza. Choncho ndaganiza kuti Lolemba ndiika kamera pa choimikira chake, nditseka chitseko, ndiwagwira dzanja Ratu pokwera pa tebulo, kenako ndigwira tebulo mpaka Litiana atamaliza. Akandifunsa Mayi Pendlebury, ndidzanena kuti ndinali pomwepo.