Thabwa la Azakhali

Lero wailesi yaliza nyimbo imene anapeka malemu azakhali anga, ndipo ndakumbukira thabwa lawo lija.

Azakhaliwo anali katswiri wa piyano ku Joni. Akabwera kwathu ku Yofu, kopanda piyano, ankakhala pakhonde atatsinzina, thabwa pamiyendo, zala zikuthamanga pamenepo ngati nkhanu. Sipankamveka kanthu, koma ankagwedeza mutu ngati wina akuwayankha. Ine ndinkati akucheza ndi akufa.

Tsiku lina anandigwira dzanja n'kuliika pathabwapo. Mkodzo unanditsikira m'miyendo.

"Wamva pamenepa?" anandifunsa.

"Sindinamve, azakhali! Ndisiyeni!"

"Udzamva."

Ndinakula ndikuopa tsiku limene akufawo adzandilankhule nanenso. Lero ndamvadi, mutu uli mbuu, ndipo ndikulakalaka akanandigwiranso dzanja.