Salimoni ya a Sosten

A Sosten, osamalira okalamba ku Wakefield, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua, komwe nsomba za mpasa zikakwera kukaikira mazira, khomo lililonse linkafuka utsi wowambira. Ndiye Derek, mnzawo wa kuntchito, atawauza kuti chaka chimenecho nsomba za salimoni zakwera mtsinje wa Tyne mwaunyinji, sanadikire kuitanidwa kawiri. Anadula laisensi yowedzera, n'kuuza akazi awo, a Gertrude, kuti aitaniretu anzawo a kwaya.

Mbedza inakoladi chinsomba chofika m'chiuno. A Sosten anaimbira akazi awo foni pomwepo: "Mayi a Yewo, dulani tomato."

Derek anawajambula nacho chithunzi, kenako anachinyamula ngati khanda n'kuchibwezera m'madzi. Anati kuno amatero, kuti nsomba zikaswane. A Sosten anangoti kukamwa yasa, mchere uli m'thumba.

Madzulo a kwaya anadya mpunga wa tomato, foni ikuyenda m'manja, aliyense akuyamikira kunona kwa ndiwo ya pachithunzi.

Mpaka lero a Sosten saphonya nyengo ya salimoni, ndipo amazibweza okha. Koma a Gertrude akangomva zodula tomato, amayamba atulutsa nkhuku m'firiji.