Alamu Anga a Kunjeli ndi Theka la Mbewu

Bambo mfumu andiuza kuti ndilembe za moyo wa malemu Kunjeli m'kalata ya parishi, poti ndine ndinakhala nawo nthawi yaitali. Ndavomera, koma zowakometsa ayi. Anali achemwali a amuna anga, ndipo tinkakhala ngati mphaka ndi khoswe.

Anabadwira kuno ku Kuttanad, m'nyumba yomwe ine ndinadzakwatiwiramo. Mayi awo anamwalira iwo akadali mtsikana, choncho analera alongo awo mpaka ukwati unawapitirira. Misa ya m'mawa sankajomba, ndipo madzi akasefukira ankapalasa okha bwato. Pophika paliponse ankatapa mpunga wodzaza dzanja n'kuika pambali wa osauka a kutchalitchi, ngakhale ana anga akunyambita mbale.

Bambo awo anawasiyira kadimba ka njavara, mpunga wofiira wa mankhwala uja. Subereka, umagwa ndi kamphepo kalikonse, ubwino wake umacha pa miyezi iwiri. Anzathu onse anali atausiya. Inu amene mukulira lero munkawaseka pakhomo pa tchalitchi: "A Kunjeli, mpheta zanu zakhuta chaka chino?" Iwo amvekere, "Zakhuta, zikupereka moni." Maina anu ndikuwadziwa.

Chaka cha chigumula mtsinje wa Pamba unakokolola zonse. Njavara wotsala m'mudzi monse unali wa mbewu, mtsuko umodzi, kudenga kwa a Kunjeli. Chaka chomwecho mwana wanga Pailo anadwala kwambiri, ndipo podzuka miyendo inali itafota ngati mapesi. A Kesavan, sing'anga wa mankhwala a makolo otchedwa Ayurveda, anati tiphike njavara mu mkaka ndi mizu, timange m'timaphukusi tansalu, tizimuthowa nato tsiku ndi tsiku osadukiza. Kumsika wa ku Alappuzha anandionetsa mpunga wofiira wamba, ati ndi womwewo. Ndinawauza kuti akanamize agogo awo.

Ndinabwerera kwa alamu anga. "Achemwali, tsitsani mtsuko."

Anatsitsa, anakhuthulira pamphasa, n'kugawa pakati ndi dzanja. "Uwu sinja, Orotha. Uwu ndifesa."

"Mufesa? Mwana wa mlongo wanu akukwawa ngati nkhanu, inu maganizo ali kudimba?"

"Wosinja sumera. Tikasinja wonse, wathera pomwepo. Mawa kudwala mwana wa wina."

"Mwana wa wina ali ndi amake! Onjezani, ndikupatsani ndolo zanga."

"Ndolo ndikafesa kuti?"

"Mukadabereka mukadadziwa," ndinatero. Anangotola korona wawo ndi theka lawo n'kutuluka.

Theka langa linatha mankhwala ali pakati, mwana n'kukhala milungu ingapo osathowedwa. A Kunjeli sindinkawalankhula, mbale ndinkangowaikira pansi. Iwo mamawa ku Misa, masana kudimba kuingitsa mpheta, madzulo kubereka Pailo kumbuyo kukamuonetsa mpunga ukukula. Utacha anakolola okha, anasinja okha, anathowa okha mpaka manja anatuluka matuza.

Pailo anayenda. Koma mwendo wakumanzere amaukoka mpaka lero. A Kesavan anati palibe angadziwe ngati kudukiza kuja ndiko kunachititsa. Ine ndimadziwa zanga. A Kunjeli ndinkawakumbutsa moyo wawo wonse, ndipo sanadziteteze ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Ndimamuona akuyenda, Orotha. Ndimamuona tsiku lililonse."

Mbewu ija inachuluka. Pakhomo pathu pankabwera Akhristu, Ahindu, Asilamu, aliyense ndi wodwala wake. Ngakhale mkulu wina wa mpingo amene ankati kuthowa n'zachikunja anadzera kuseri kwa nyumba, mayi ake atafa ziwalo. A Kunjeli sanamunyoze, anamuyezera mpunga. Ndikakalipa kuti azilipiritsako ankati, "Mvula Mulungu sanandigulitse."

Atakalamba maso anachita khungu, koma mbewu ankaisankha ndi zala, akunena korona. Anamwalira mwezi watha, mvula ili mkati, atalandira sakramenti la odwala. Ndinawaphikira phala la njavara, anangolawa. Kenaka anaitana Pailo, amene tsopano ali ndi imvi, anagwira bondo lake lakumanzere n'kumupempha kuti awakhululukire. Pailo analira, nati palibe mlandu. Ine sanandipemphe, ndipo anachita bwino, chifukwa sindikudziwa chomwe ndikadayankha. Anatembenukira kukhoma n'kugona ngati mwana.

Bambo mfumu akuti nditsirize ndi chitsanzo chimene atisiyira. Chilipo, chili kuseri kwa nyumba yathu, chadzaza udzu. Lolemba tifesa. Amene munaimba mokweza pamaliro mubwere ndi makasu, maluwa musiye kwanu. Mzimu wawo uuse mumtendere. Nkhani ya ine ndi iwo ija tikamalizira komweko kumene apita.