Diso la Makina a Tionge

Chaka cha 2004, pa depoti ya Wenela, Eddie anagwira manja a mlongo wake Tionge, manja amene soda wophikira sopo anali atayamba kale kuwadya. "Ndikangofika ku Joni ndikutumizira makina odulira sopo," anatero. "Enieni, a kufakitale."

Inu ofuna mawu olimbikitsa, khalani pansi. Koma tiyi wake ndi wopanda shuga.

Nthawi imeneyo fakitale ya sopo imene bambo awo anagwirako zaka makumi awiri inali itatsekedwa, bambowo ali kumanda. Ife amene tinachoka kalekale timakumbuka Blantyre wa anthu a maovolosi, odzaza msewu faifi koloko ikakwana. Tabwera tapeza nyumba zomwezo zikugulitsa kaunjika, zina asandutsa matchalitchi. Tionge sanachoke. Mayeso a Fomu 4 analephera kawiri. Chuma chake chinali kope la bambo la kaphikidwe ka sopo, ndi malata akale amene anagula fakitale ija ikugwetsedwa, n'kufolera kashedi kuseri kwa nyumba ku Chitawira.

Ankaphika sopo mumgolo, kudula ndi waya pamanja, n'kumayenda naye m'misewu ya Limbe. A Faizan, mwini golosale yaikulu kumeneko, anamuuza mosabisa: "Mayi, thovu lilipo, sindikana. Koma wina wonenepa, wina wowonda, ngati ana a mitala. Pashelufu panga sakwera."

Eddie akaimba foni, nyimbo inali imodzi: "Mwezi wamawa." Miyezi yamawayo inakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Tionge anatopa. Anapita kwa a Laban, owotcherera zitsulo pafupi ndi kwawo, ndipo awiriwo anamanga makina ndi felemu ya bedi, tcheni cha njinga ndi mota ya mawaipa a minibasi. Thabwa linkakankha sopo kudutsa pa mawaya okungika. Choimitsa thabwalo chinali kachipangizo ka mano awiri kochotsa m'pulinta yakufa. Dzino lina limatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, linzake limakuona. Kachitsulo ka pathabwa kakalowa pakati n'kutchinga kuwalako, mota imaima. A Laban anakatcha diso.

A Faizan ataona matabuleti oyamba anati: "Mazana asanu ofanana chonchi pofika Lachisanu, shelufu ndi yanu. Mukalephera, tisavutanenso."

Lolemba m'mawa makina anadula bwinobwino. Itangopitirira thuu koloko, thabwa silinaime. Linagunda kumapeto, mawaya thibu, sopo wa mgolo wathunthu n'kuphwanyika. Lachiwiri chimodzimodzi, nthawi yomweyo.

Tionge anapukuta disolo ndi thonje. Anabwereka mita n'kuyeza magetsi: analipo okwanira. Analumikizanso mawaya onse. Analoza kamera ya foni pa dzino lowala, ndipo kanyali kofiirira kanaoneka, kamoyo ndithu.

"Awa ndi anthu, mayi," anatero a Laban akupukusa mutu. "Chitsulo chimadziwa wotchi?"

"Mfiti yosunga nthawi chonchi, a Laban, bwenzi atailemba ntchito ku banki."

Komabe anaimbira Eddie. "Achimwene, za makina zija zisiyeni. Kadiso kokha, kakang'ono ngati nyemba."

"Aa, kuno timataya zimenezo! Mwezi wamawa ndi..."

Tionge anadula foni.

Lachitatu kunagwa chiperoni. Phiri la Soche linabisala, mvula yowaza tsiku lonse, ndipo makina anadula kuyambira m'mawa mpaka madzulo osaphonya. A Laban anati mapemphero ayankhidwa. Tionge sanasekerere. Chinthu chochira chokha chimadwalanso chokha. Anadzifunsa funso limodzi: lero chasowa n'chiyani chimene chinalipo dzulo ndi dzana?

Lachinayi kunacha kowala. Mafuta otsala anali a mgolo umodzi basi, woti ukawonongeka nkhani yatha. Masana Tionge anazimitsa mota, anakhala pa ndowa, n'kumangoyang'ana. Thuu koloko itadutsa, kaulusi ka dzuwa kanatsika kuchokera pabowo la msomali m'malata akale aja. Kanakwawa pansi, kanakwera mwendo wa bedi, n'kukatera pa dzino loona lija. Kachitsulo kankatchinga kuwala kwa kanyali, inde, koma diso linkaonabe dzuwa, n'kumauza mota kuti njira ikadalipo.

Masiku atatu anafufuza m'mawaya, vuto lili kudenga.

Anadula chubu cha njinga n'kuveka disolo ngati chipewa. A Laban anakwera pamwamba n'kumata bowolo ndi phula, akung'ung'udza kuti mfiti yawo ija yawachititsa manyazi. Tionge anayatsa mota dzuwa likuswa mtengo. Thabwa linayenda, linafika, linaima.

Lachisanu a Faizan anandandalika matabuleti khumi pakauntala, n'kuyeza ndi lula. "Sabata yamawa chikwi," anatero, osamwetulira n'komwe.

Lero m'kashedi muja mukugwira ntchito amayi anayi, ndipo sopo wa Tionge ali m'magolosale kuyambira ku Limbe mpaka ku Ndirande. Manja ake sanabwerere mwakale. Zipsera za soda sizimva kuti munthu walemera.

Choncho inu amene mayeso anakukanani, inu amene mukudikira foni ya wachibale wa kunja, osataya mtima. Koma kusataya mtima si kudikira. Tolani zimene mzinda uno wataya, mangani chanu, ndipo chikakanika musathamangire kuloza anthu chala. Khalani pa ndowa, muyang'ane mpaka muone.

Eddie anabwera mwezi watha. Tionge anakamuchingamira pa Wenela pomwe paja. Eddie anatsika basi ndi zikwama ziwiri, bulangete ndi wailesi. Makina odulira sopo panalibe.