Waya Wapamwamba

Anthu ankangowatchula kuti a Mawaya, dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso basi. Ntchito yawo inali yomanga mipanda. Anayamba ndevu zisanamere, kukumba maenje, kuzika mapolo, kukoka waya, mpaka chigwa chonse chinaduka zigawozigawo: uku a ng'ombe, uku a minda, uko nkhalango, kumtunda famu ya mitengo. Manja awo anali ngati khungwa, zipsera zokhazokha.

Mpanda wapamtima pawo unali wautali uja wotsata mtsinje. Anaumanga ndi malemu akazi awo ukwati ukadali watsopano. Mayiwo ankawatsata pambuyo ndi chitini cha misomali, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Mawaya apansi anali aminga, koma wapamwamba anali wosalala, wokokedwa kuti ndi ndi ndi, ndipo mphepo ikawomba ankalira chapansipansi. A Mawaya ankatsamira polo, n'kutsinzina, n'kumamva akazi awo akubwera ndi chitini chija, udzu ukuwakhudza m'miyendo. Ukauza munthu zoterezi amati mutu wako sukuyenda bwino, choncho iwo sankauza aliyense.

Kenaka mvula inayamba kuchita mwano. Ng'ombe zinkafera pampanda madzi zikuwaona. Mbawala zinkakodwa pawaya. Moto ukabuka mbali ina, a mbali inayo ankangopinda manja poti si kwawo, mpaka utawapeza. Eni malo, anthu osapatsana ngakhale moni, anakumana m'kalasi pasukulu, akuluakulu athunthu mawondo atapanikizika m'madesiki a ana. Anagwirizana kuti msipu azidyetsa mosinthana, m'mphepete mwa mtsinje asamalimemo, moto azizima limodzi, ndipo mpanda wakumtsinje uchoke kuti ziweto ndi nyama zizifika kumadzi. Woti auchotse anali ndani wina, kupatula amene anaumanga?

A Mawaya sanatsutse. Nawonso anali atatopa ndi kuwonjola nyama zakufa pawaya. Koma mtima unkawawawa, chifukwa ankadziwa kuti waya wapamwamba akangotsika, mawu a akazi awo apita kachiwiri.

Ndiye anayamba ndi aminga, kukulunga pang'onopang'ono ngati munthu wolipidwa patsiku. Mlangizi wa zachilengedwe anafika panjinga yamoto n'kupeza mapolo ali njo, atanyamula waya mmodzi yekha.

"Madala, wapamwambayu mwamuiwala."

"Sindinamuiwale, alangizi. Ameneyu amatsika pomaliza, ndi mmene ntchito yake imayendera."

Lamulo limenelo analipeka pomwepo, ndipo mlangizi anagwedeza mutu ngati analiphunzira kusukulu.

Komabe ntchito yozengereza nayo imatha. Tsiku lina masana mwana wawo wamkazi, yemwe ankakhala nawo pakhomo, anawabweretsera madzi akumwa n'kuwapeza pachigawo chotsiriza, khutu lili papolo, pulayala ili lende m'dzanja.

"Bambo, mukumvetsera chiyani?"

"Mphepo, mwana wanga."

Mwanayo anatula botolo pansi, nayenso n'kugunditsa khutu papolo. Anakhala choncho nthawi yaitali, maso ali kuphiri kumene mitambo inkayenda mwaulesi.

"Iyi ndi nyimbo ya amayi," anatero motsitsa mawu.

A Mawaya anachotsa khutu papolo. Zaka zonsezi ankayesa kuti amaimva okha. Anayang'ana kuseri, kumene ng'ombe zowonda zinaima zitaloza mitu kumadzi, ndipo anadula. Waya anadzipinda n'kugwera muudzu, chigwa chonse n'kungoti zii. Ng'ombe zinafika pamzere wa mapolo n'kuima, zikununkhiza mpanda woti palibe, mpaka yakutsogolo inalimba mtima, zinzake n'kutsatira.

Masiku otsatira bamboyo ankangokhala pakhonde, manja ali pamawondo, osadziwa pomwe angawaike. M'mawa wina mwana wawo anawaitana kuseri kwa nyumba. Anali atatola waya wosalala uja n'kumumanga pakati pa mitengo iwiri, koma anali wolendewera, zovala zikukhudza dothi.

"Bambo, ine ndalephera. Tandikokerani."

"Mwana wa Mawaya kumanga waya chonchi? Anthu asaone."

Anatenga pulayala, n'kukoka, n'kupota, n'kumugogoda ndi chala kuti amve ngati wafika. Atatha sanachoke. Anaima awiriwo pakati pa malaya onyowa, kudikira mphepo. Itafika kuchokera kumtsinje, a Mawaya anatsinzina.

"Amayi ako afika," anatero.