Anandizonda Atafulatira

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe mbuzi inandidyera manachesi pa Lisungwi. Ndinali nditayala katundu pafupi ndi pokwerera minibasi, n'kuyamba kufotokozera anthu mmene ndinathamangitsira njoka ndi patapata. Nkhani inakoma, anthu anaunjikana, ndipo potembenuka ndinapeza mbuzi ili pa mulu wanga. Ena amati inadya awiri okha. Ine ndimati inamaliza dengu lonse n'kundifunsa ngati alipo ena. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma palibe anagula ngakhale limodzi. Ndinati basi, ngati pakamwa pangapa pamaitana anthu chonchi, ndikapagwiritse ntchito kumene anthu ali ndi ndalama.

Dzina langa ndine Fatsani, koma pa Lisungwi mukafunsa Fatsani akulozerani wina. Funsani Wailesi. Amayi sanandiletse ulendowo, anangoti ku Joniko ndizikazimitsako nthawi zina. Amalume a Dikisoni, mlongo wawo wa amayi, amene amapalasa kabaza, anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu osalankhula kanthu. Iwo ndi otero. Mawu amawasunga ngati mbewu.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto, n'kumagona chipinda chimodzi ndi Lameki, mnyamata wa ku Nsambe. Zinkayenda bwinobwino mpaka tsiku lina pa chinkhoswe cha Amalawi anzathu, emusi, woyendetsa mwambo uja, sanabwere. Lameki ndi pakamwa pakepo anauza eni ake kuti tili ndi Wailesi pompano. Anandipatsa maikolofoni. Abale anga, perekani-perekani wa tsiku limenelo anthu anaponya mpaka ndalama ya thiransipoti, ena anabwerera kwawo wapansi. Kuyambira pamenepo Loweruka linasiya kukhala langa. Lamulungu nalonso linapita. Chinkhoswe, Wailesi. Ukwati, Wailesi. Bafude ya mwana woti sanamere n'komwe mano, Wailesi. Mmalawi akamwalira, pa msonkhano wosonkha zotumizira thupi kumudzi, ankafunanso ine, akuti ndimadziwa kulankhula mpaka munthu apise m'thumba. Ndiye maliro ungakane bwanji? Ukakana maliro a mnzako kunja kuja, ako adzanyamula ndani?

Musaganize kuti ndinalemera. Ambiri ankandilipira mbale ya mpunga, mwendo wa nkhuku ndi "Mulungu akudalitse". Ndalama yomwe ndinkatumiza kumudzi inali yochepa, ndiye ndinkaiwonjezera ndi mavoisi. Ndinawauza amayi kuti ndinayendetsa ukwati womwe keke yake ankadula atakwera makwerero. Amayi ankawatsegulira mavoisiwo anzawo a Mvano kuti amve, anzawowo n'kukauza amuna awo, mpaka kekeyo inafika pa Neno boma ili ndi zitseko ndi mawindo.

Panopa ndikakhala pakhonde pano ndimayesa kukumbukira kuti ndi ndani ku Joni kuja anandifunsapo kuti ndadzuka bwanji n'kudikira yankho. Sindikumupeza. Foni inkalira tsiku lonse, magulu a pa foni ndinali nawo ochuluka kuposa zovala, koma aliyense ankayamba ndi kuseka ndisanatsegule pakamwa. Lolemba m'mawa ndikamatsuka matayala, m'makutu mukulirabe masipika, ndinkasowa munthu mpaka kucheza ndi chidebe.

Thupi linayamba kukana pang'onopang'ono. M'mimba munkaotcha ngati ndameza mbaula. Mutu unkagunda, mawu anasasa, buluku linayamba kutsika lokha moti lamba ndinamuboola ndi msomali. Tulo tinathawa. Ndinayamba kuiwala mayina, ndipo pa ukwati wina mkwati ndinamutchula dzina la chibwenzi chakale cha mkwatibwi. Ndinamuuza Lameki kuti aise, ndatopa, mwina ndikufa. Anaseka n'kuti imeneyo ndikainene Loweruka, anthu akasangalala nayo.

Loweruka lakelo ndinagwa. Ndinali pakati poitana a kuchikazi kuti abwere ndi ndalama zamapepala, kenako holo inazungulira, ine pansi, maikolofoni ili m'manja. Ndipo anthu anaombera m'manja. Ankayesa sitayilo yatsopano. Anandiponyera ndalama ndili chigonere, mayi wina mpaka anandivinira mozungulira. Lameki yekha ndi amene anaona kuti maso atembenuka. Patapita masiku anandikweza basi ya kumudzi, akuti sakufuna kuyendetsa msonkhano wosonkhera ine, poti emusi wake akanakhala ndani.

Kuchipatala cha Lisungwi, adokotala ena ake ochokera kumpoto anandipima n'kunena kuti ndili ndi zilonda za m'mimba, bipi yakwera, ndipo thupi latheratu mphamvu. Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti mankhwala aakulu ndi kupuma, apo ayi tsiku lina ndidzagwa osadzukanso. Ndinayesa kuwaseketsa. Sanaseke. Anayang'ana amayi n'kuti, "Mayi, pakamwa pakepa papumenso."

Koma kwathu kuno wodwala sapuma, amazondedwa. Mbiri itangomveka kuti Wailesi wabwera akudwala, anthu anayamba kufika. Anzanga a kusukulu, ogulitsa manachesi, azimayi a Mvano, ngakhale munthu amene ndinangokwera naye minibasi kamodzi. Aliyense akhale pamkeka, afunse mmene ndadzukira, ine ndiyankhe kuti sindili bwino, iye aseke. Kenako apemphe nkhani ya keke. Kenako ya kugwa. Ndipo ine, chitsiru, ndikangoona nkhope ikudikira kuseka, pakamwa pankatseguka pokha. Pofika kumapeto kwa sabata, mu nkhaniyo ndinali nditagwa kuchokera padenga. Banja lina la ku Luwani linabwera ndi nthochi kudzandizonda, pochoka linali litandipempha kuti ndikayendetse ukwati wa mwana wawo, ndipo ndinali nditavomera. Atangotuluka ndinakasanza kuseri kwa bafa.

Amayi anandipeza komweko. M'mawa mwake anapita kumsika n'kubwera ndi magalasi akuda, aja apulasitiki. Anandiveka okha, n'kupita pa mjigo kukalengeza kuti mwana wawo wabwera ndi matenda a maso ofiira, a ku Joni, oopsa kuposa akuno. Tsono kwathu anthu amakhulupirira kuti maso ofiira amadumpha ukangoyang'anizana ndi wodwalayo. Achipatala amanena kuti ayi, amayenda ndi m'manja ndi nsalu, koma zimenezo zimathera pa geti ya chipatala.

Pabwalo panangoti zii. Ndipo apa ndi pamene mutu wanga unasokonekera zenizeni. Si ine ndinkalira kuti ndikufuna kupuma? Kupuma kuja kunabwera, n'kuyamba kundiluma. Ndinkagona, kudzuka, kumwa phala, kuyang'ana mpanda. Ndinafotokozera nkhuku nkhani ya keke, zinachoka pakati. Ndinatsegula foni n'kupeza kuti ku Joni apeza kale emusi wina, mnyamata wa ku Mwanza, ndipo akumuyamikira ndi mawu omwe aja ankandiyamikira nawo ine. Sindinadziwe ngati ndikwiye kapena ndithokoze. Ndinkadzifunsa kuti kodi wailesi ikazima imakhala chiyani, bokosi basi? Nanga anthu onse aja ankabwera kudzaona ine kapena pulogalamu?

Tsiku lina masana ndinamva njinga. Amalume a Dikisoni. Anaitsamiritsa pa mtengo wa mango, anatenga mpando, n'kuutembenuza. Anakhala atandifulatira, nkhope kuyang'ana kumpanda.

"Mphwanga, wadzuka bwanji?"

Ndinayamba pomwepo kuti amalume, mukanaona mmene ndinagwera, holo yonse inagwedezeka mpaka keke inapendekeka.

"Imeneyo ndinaimva kale pa siteji ya kabaza. Ndafunsa kuti wadzuka bwanji."

Ndinayang'ana nkhongo yawo. Kolala yothaitha, thukuta, imvi pang'ono. Panalibe nkhope yoti ndiithamangitse mpaka iseke. Ndinafufuza nthabwala m'mutu monse, osaipeza. Chomwe chinatuluka ndi chakuti sindikudziwa. Ndinawauza kuti ndikagona ndimadzuka nditatopabe, kuti pakakhala anthu ndimafuna achoke, akachoka ndimafuna abwere, ndipo ndikuopa kuti ndidzagwanso anthu n'kuomba m'manja.

"Eya," anatero.

Basi. Anakhala pomwepo mpaka mthunzi wa mango unasuntha, ine ndikupukuta m'maso kunsi kwa magalasi. Kenako anakwera njinga yawo.

Sindikudziwa zomwe anakanena ku siteji, koma anthu anayambanso kubwera, ndipo aliyense ankatembenuza mpando. Azimayi a Mvano anayala mkeka n'kukhala moyang'ana kukhola la nkhuku, anaimba nyimbo imodzi chapansipansi, anasiya mbatata, n'kumapita. Anzanga ankakhala chofulatira n'kumakambirana okha za mitengo ya feteleza, ine n'kugona tulo pakati pa nkhani, osadzutsidwa. A ku Luwani aja anabwera kudzauza mpanda kuti ndisavutike, apeza wina. Munthu wodutsa pamsewu akanaganiza kuti pakhomo pathu takangana tonse.

Mimba inayamba kuzizira. Lamba ndinabwerera pa bowo lakale. Ndiye tsiku lina amalume anafika ndili wosavala magalasi, ndinali nditawaiwala kubafa. Tinayang'anizana maso ndi maso. Ndinati lero bodza la amayi lathera pano. Iwo anangotenga mpando, n'kuutembenuza monga mwa masiku onse.

Ndinawafunsa ngati sanaone kuti maso anga ndi oyera.

"Pa Lisungwi ponse palibe amene sakudziwa. Mayi ako kunama satha, polengeza pa mjigo paja ankachita chibwibwi."

"Nanga mukufulatiriranji?"

"Iwe ukaona nkhope umayamba ntchito."

Mpaka lero sindinamvetse bwinobwino. Anthu omwewa ndi amene anatsala pang'ono kundimaliza ndi kuzonda kwawo, ndipo omwewanso anagwirizana kunamizira kuopa matenda omwe kulibe, kuti ine ndigone. Ndinapita mpaka ku Joni kukafuna anthu ondiyang'ana, n'kudzachirira kwa anthu ondionetsa nkhongo. Lameki akutumiza mavoisi kuti mnyamata wa ku Mwanza uja wayamba kuonda, ndibwerere. Sindinamuyankhe. Mwina ndipita, mwina ndiyambiranso manachesi, mbuzi ija akuti inafa.

Dzulo amalume anabweranso. Ndinawauza kuti ndachira, atha kukhala mondiyang'ana. Anandifunsa kuti keke ija inali yaitali bwanji. Ndinati inkafika m'chiuno basi, koma poidula anaitana anthu a zozimitsa moto.

Anatembenuza mpando.